Za Kakhungu Kosunga Njira za Mwazi

Pali mawu amene tiwamva kawirikawiri pa maliro kuno ku Chinguluwe, ndi m'midzi yonse ya Salima kufikira kunyanja, ndiwo akuti: Munthu uja anali bwino dzulo. Bambo wa zaka 50 alawira kumunda kwake kwa thonje ali wamphamvu, wosadandaula kanthu. Dzuwa lisanafike pamutu anthu ampeza ali gone pakati pa mizere, pakamwa patapotoka, dzanja limodzi ndi mwendo umodzi zili lende, mawu osatuluka. Mayi wina ali kutunga madzi pamjigo, agwira pachifuwa, nakhala pansi, osaukanso. Pamenepo abale ayang'anana, ndipo usiku womwewo mbiri iyamba kuyenda yakuti wamenyedwa ndi hamala ya afiti. Sabata isanathe, pali kale nkhalamba ina ya m'mudzimo imene anthu aleka kuipatsa moni.

M'phunziro la mwezi uno tifuna kuyesa mawu aja, pakuti sali oona. Munthuyo anayamba kudwala zaka 20 kapena 30 zapitazo, koma nthenda yake inali pamalo pamene diso silifika, ndi pamene thupi silimva kuwawa. Malowo ndiwo kakhungu kopyapyala koyalidwa m'kati mwa mitsempha yonse ya mwazi.

Tiyambe ndi zimene ana a sukulu azidziwa. Mtima wa munthu ulingana ndi nkhonya yake kukula kwake, ndipo ugunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku limodzi, wosapuma usana ndi usiku. Munthu wamkulu ali ndi mwazi wokwana monga malita 5, ndipo iye atakhala chete mtima utumiza muyeso wonsewo pa mphindi imodzi. Dotolo wa ku England, William Harvey, ndiye anaonetsa m'chaka cha 1628 kuti mwaziwo uyenda mozungulira: uchoka kumtima, nufika kumapazi ndi kumutu, nubweranso. Koma iye anamwalira asanaone polumikizira pake, ndiye kuti njira imene mwazi wopita usandukira mwazi wobwera. Anaiona ndi Marcello Malpighi wa ku Italy m'chaka cha 1661, poyang'ana mapapo a chule ndi galasi lokulitsa zinthu, limene alitcha maikulosikopu. Anapeza timitsempha tosawerengeka, tating'ono koposa tsitsi, ndipo ena mwa ito ndi topapatiza kotero kuti maselo ofiira a mwazi apitamo mmodzimmodzi, monga anthu pa ulalo wa mtengo umodzi. Maselo ndiwo tizidutswa tamoyo timene thupi lonse limangidwa nato.

Tsono njira zonsezi, kuyambira mtsempha waukulu wotuluka kumtima kufikira kamtsempha ka m'chala, ndi zipinda za mtima womwe pamodzi ndi zitseko zake, zakutidwa m'kati ndi maselo aphanthiphanthi ogundizana m'mbali, monga njerwa zoyalidwa pansi m'chalichi. Ayalidwa mzere umodzi wokha, popanda wina pamwamba pake. Wilhelm His, mphunzitsi wa za thupi wa ku Switzerland, anakatcha kakhunguka endothelium m'chaka cha 1865, ndipo madotolo akatchula chomwecho kufikira lero. Mwazi wa munthu wamoyo sukhudza mnofu, kapena fupa, kapena ubongo. Ukhudza kakhungu kameneka kokha.

Kwa zaka zoposa 100 anzeru anakayesa chinthu chogona, monga dothi limene amayi azira nalo pansi m'nyumba kuti pasalale. Koma zinthu ziwiri zinasintha maganizo awo.

Choyamba sichidzavuta anthu a kunyanja. Yense amene anagwirapo mlamba wamoyo adziwa kuti nsombayo ipulumuka m'manja chifukwa cha kuterera kwa pakhungu pake, ndipo asodzi adziwanso kuti nsomba yopukutidwa kuterera kwake sikhalitsa. M'chaka cha 1966 John Luft wa ku America, pogwiritsa ntchito maikulosikopu yamphamvu koposa, anaonetsa kuti pamwamba pa kakhungu ka m'mitsempha palinso choterera chotero, ubweya wosalala wopangidwa ndi mitundu ya shuga ndi mapuloteni, umene aupatsa dzina lakuti glycocalyx. Ubweya umenewu uletsa maselo a mwazi kukangamira kukhoma la mtsempha, usefa zoyenera kudutsa, ndiponso pamene mwazi uupeperetsa monga madzi apeperetsa udzu wa m'ngalande, uuza maselo a pansi pake za liwiro la mwaziwo.

Chachiwiri chinadza mwa kulakwa, ndipo tikondwera kuchifotokoza chifukwa chitiphunzitsa kusapeputsa zinthu zazing'ono. Robert Furchgott, mphunzitsi wa za mankhwala ku New York, anali kudula mitsempha ya akalulu naiviika m'mankhwala, kuti aone ngati ifinyika kapena imasuka. Panali mankhwala ena amene m'thupi la nyama yamoyo amasula mitsempha, koma pa tebulo lake anali kuifinya, ndipo ichi chinamzunguza zaka zambiri. M'chaka cha 1978 tsiku lina mtsempha unamasuka. Pofufuza chifukwa chake anazindikira kuti nthawi zonse pokonza mitsemphayo iye ndi omthandiza anali kukhula m'kati mwake ndi zala mosadziwa, nachotsa kakhungu kaja. Tsikulo kanatsala kosakhudzidwa. Analengeza ichi m'chaka cha 1980 pamodzi ndi John Zawadzki: kuti kakhunguko ndiko kalamula mnofu wa mtsempha kuti umasuke, potulutsa kanthu kena kosadziwika. M'chaka cha 1987 kanthuko kanadziwika kuti ndi mpweya, dzina lake nitric oxide, umene ukhala masekondi ochepa okha nutha. Furchgott, Louis Ignarro ndi Ferid Murad analandira mphotho ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi m'chaka cha 1998. Chodabwitsa ndi ichi, kuti mpweya womwewo upangidwanso m'mlengalenga pamene mphezi ing'anima, ndipo upezeka mu utsi wa galimoto. Mlengi anatenga chinthu chimene anthu anachiyesa chonyansa, nachiika kukhala mthenga m'kati mwa thupi la mfumu ndi la mwana wamasiye yemwe.

Chotero kakhungu aka ndi kamoyo, ndipo kagwira ntchito kosaleka. Pamene mlimi akweza khasu, kapena msodzi apalasa bwato kupita kukaponya chilimira, mwazi uthamanga, ndipo kakhungu katakasa mitsempha ya m'mikono kuti mwazi wochuluka ufikeko. Kasunganso mwazi kuti usaundane m'njira. Taganizani: mwazi wa mbuzi wothiridwa m'mbale uundana posachedwa, koma wa m'thupi mwanu wayenda zaka zonse za moyo wanu wosaundana, ndipo mukadzicheka ndi chikwanje uundana pa bala pomwepo pokha, osati pena ayi. Kakhungu ndiko kasiyanitsa. Ndiponso pamene tizilombo talowa m'chilonda, maselo ake a pafupi ndi chilondacho achita ngati kutambasula manja, nagwira maselo oyera a mwazi, ndiwo asilikali a thupi, nawalowetsa kumene kuli nkhondo.

Nanga kaonongeka bwanji? Amene akhala pafupi ndi Linthipe kapena Lingadzi adziwa kuti mtsinje sudya gombe lake paliponse mofanana. Poongoka madzi apita bwino. Pokhota ndi pamathiriro madzi azungulira, nagumula kuno, naunjika mchenga uko. Momwemonso m'thupi nthenda iyamba pokhota ndi pamphambano za mitsempha. Mwazi ukakhala wokankha kopitirira muyeso chaka ndi chaka, kapena wodzala ndi ululu wa fodya, kapena wa shuga wambiri, ubweya uja uperepeseka, maselo atopa, ndipo mpweya womasula uja uchepa. Pamenepo mafuta ena a m'mwazi, otchedwa cholesterol, alowa pansi pa kakhungu nakhazikika. Asilikali oyera awatsata kuti awadye, akhuta, nafera pomwepo. Mulu wa mafuta ndi maselo akufa ukula pang'onopang'ono, thupi liuphimba ndi chipsera, ndipo khoma la mtsempha liuma. Madotolo akale pong'amba mitsempha yotere anapeza zoyera zofewa, nazitcha ndi mawu a Chigriki otanthauza phala; dzina lakuti atherosclerosis ndiye kuti phala ndi kuuma. Nikolai Anichkov wa ku St Petersburg anaonetsa m'chaka cha 1913 kuti akalulu odyetsedwa cholesterol agwidwa ndi nthenda yomweyi.

Anyamata asayese kuti iyi ndi nthenda ya okalamba okha. M'chaka cha 1953 madotolo a ku America analengeza zimene anapeza poyesa mitima ya asilikali 300 ophedwa pa nkhondo ya ku Korea, amene zaka zawo pozigawa mofanana zinali 22. Oposa atatu mwa anayi alionse anali nazo kale zizindikiro za nthendayi m'mitsempha ya mtima, ndipo anali anyamata amene dotolo anawayesa olimba powalemba usilikali.

Phala lija likhoza kukhala zaka zambiri munthu wosamva kanthu. Koma tsiku lina chipsera cholikuta ching'ambika. Mwazi ukhudza zimene sunayenera kukhudza, nuchita monga uchita pa bala: uundana, ndipo pa mphindi zowerengeka njira yatsekeka. Ikakhala njira yodyetsa mnofu wa mtima, mbali ya mtima iyamba kufa, ndiye mayi uja wa pamjigo. Ikakhala ya ku ubongo, ziwalo zimene mbali imeneyo ya ubongo inali kuzilamula zileka kumva, ndiye bambo uja wa m'munda wa thonje. Nthawi zina mtsempha sutsekeka koma uphulika, pakuti timitsempha ta mu ubongo tikakankhidwa zaka zambiri tifooka, ndipo mwazi utayikira m'mutu. Mbali ya kumanzere ya ubongo ilamula dzanja lamanja, ndi ya kumanja ilamula lamanzere. Ndicho chifukwa chake nthendayi igwira mbali imodzi, monga ngati munthu wakanthidwa ndi wina woima pambali pake. Sitidabwa kuti makolo athu, posakhala nayo maikulosikopu, anaganiza za nyundo. Koma ife tapatsidwa kudziwa, ndipo tikanamizira gogo wosalakwa mlandu uli pa ife. Boma linaletsa kutchula munthu mfiti ndi lamulo la chaka cha 1911. Akhristu sayenera kudikira boma kuti liwakumbutse za umboni wonama.

Kale kunanenedwa kuti nthenda zotere ndi za Azungu ndi za olemera a m'tauni. M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la World Health Organization anayesa anthu a zaka 25 kufikira 64 m'dziko lonse la Malawi, napeza kuti mmodzi mwa atatu alionse anali ndi nthenda imene tiitcha kuthamanga kwa magazi, kapena BP, ndipo inali kumidzi monganso m'tauni. Mwa odwalawo, oposa 9 pa 10 alionse sanali kulandira mankhwala. Werengani akulu a pa benchi lanu Lamulungu likudzali, nimugawe patatu. Ndiponso madotolo a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre analengeza m'chaka cha 2016 kuti mwa odwala kufa ziwalo amene anawayesa, choyambitsa chachikulu chinali BP, koma mwa achinyamata kachilombo ka HIV kanali ndi gawo lalikulu, pakuti nako kavutitsa makoma a mitsempha. Amene alandira ma ARV asaleke. Koma tsiku lokatenga mankhwala apemphe kuti awayesenso BP.

Pali nthenda ina imene ife a kunyanja tiidziwa koposa anzathu a kumapiri a Dedza, ndipo ochepa adziwa kuti nayonso ndi nthenda ya kakhungu komweka. Ndiyo malungo aakulu ogwira ana. Kachilombo ka malungo kakalowa m'selo lofiira, kameretsa timfundo tomata pakhungu pa selolo, kuti likangamire ku khoma la kamtsempha, lisapite ku kapamba kumene likanaonongedwa. Maselo otere akachuluka m'timitsempha ta mu ubongo, njira zidzala, kakhungu katupa nikayamba kuchucha, ndipo mwana amene anali kusewera dzana akomoka. Chimene mchere ndi fodya zichita kwa atate pa zaka 30, malungo achita kwa mwana pa masiku atatu. Zambiri zimene dziko lonse lidziwa za ichi zinaphunziridwa kwathu konkuno, m'chipinda cha ana pa Queen Elizabeth, kumene Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayamba ntchito yawo m'chaka cha 1986. Muyeso wa kukomoka kwa ana umene anaulengeza m'chaka cha 1989 utchedwa ndi dzina la Blantyre m'zipatala za maiko ambiri. M'chaka cha 1993 dotolo wa maso, Susan Lewallen, anaonetsa kuti poyang'ana kumbuyo kwa diso la mwana wokomoka dotolo akhoza kuona timitsempha todwala, pakuti m'diso mitsempha yamoyo ioneka popanda kucheka munthu. M'chaka cha 2013 anapeza kuti pamene maselo odwalawo amata, kakhungu kataya chida chake china choletsa kuundana kwa mwazi. Ndipo m'chaka cha 2015 Karl Seydel ndi anzake anaonetsa kuti chimene chipha ana ambiri otere ndi kutupa kwa ubongo, kufikira kupanikiza malo olamula kupuma. Tikaona neti ya udzudzu ili kukokedwa m'madzi ku Senga Bay kugwira tiana ta nsomba, kapena yatchinga dimba la tomato, tifunse kuti mwana wa nyumba imeneyo agona m'chiyani.

Amayi oyembekezera nawonso amve. Nthawi zina nsengwa ya mwana itulutsa zinthu zovutitsa kakhungu ka mitsempha yonse ya mayi. BP ikwera, nkhope ndi manja zitupa, mutu uwawa, maso achita chidima, ndipo pambuyo pake adza kukomoka. Kutupa kotere si chizindikiro cha mapasa, kapena cha kusakhulupirika kwa mwamuna, monga anena ena. Ndicho chifukwa chake anamwino amanga lamba pamkono nthawi zonse ku sikelo.

Tsono tichitenji? Chokondweretsa ndi ichi, kuti popeza kakhunguka ndi kamoyo, kakhoza kuchira pamene tileka kukazunza. Tiyambe ndi mchere, pakuti ndiwo uli m'nyumba iliyonse. A World Health Organization alangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndiwo monga supuni yaing'ono ya tiyi imodzi, kuwerengera pamodzi wa m'ndiwo za masana, wa madzulo, wa mu buledi ndi wa pa chimanga chokazinga. Ambiri a ife tipitirira muyeso umenewu tisanafike pa mgonero. Mayi athira m'mphika, bambo athiranso m'mbale asanalawe n'komwe, ndipo pa kanyenya pamsika pali kamulu kena kotowa. Soda wa m'therere ndi timibulu tokometsera ndiwo ta m'sitolo zili ndi chinthu chomwecho chimene chikweza BP mu mchere. Tidziwa kuti mayi wochepetsa mchere aopa kunenedwa kuti sadziwa kuphika. Chifukwa chake mawu awa tiwanena makamaka kwa abambo, pakuti dandaulo lichokera kwa iwo. Lilime lizolowera pa masabata owerengeka.

Za fodya sitichulukitsa mawu. Ndudu ya m'sitolo ndi chingambwe chopichira m'pepala ziononga mofanana, ndipo utsi wake ufika m'mitsempha ya mkazi ndi ana a m'nyumbamo. Wosiya fodya, pakutha chaka chimodzi, wachepetsa ndi theka kuopsa koonjezereka kumene fodyayo anaika pa mtima wake. Kachasu ndi mowa wambiri zikweza BP.

Pa zakudya, anthu a kuno tili ndi mwayi umene sitiuyamika. Usipa, utaka ndi chambo zili ndi mafuta okoma kwa mitsempha. Bonongwe, chisoso, nkhwani ndi mpiru zili ndi zinthu zimene thupi lizisandutsa mpweya womasula uja. Nyemba, nandolo, nsinjiro ndi mgaiwa ndi zabwino. Koma munthu akapeza ndalama za thonje kapena ntchito ya pa ofesi, ayamba kunyoza zonsezi nazitcha zaumphawi. Asankha zokazinga m'mafuta obwerezabwereza, tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi zakumwa za m'botolo, aleka kuyenda pansi nakwera kabaza ngakhale popita pafupi, ndipo mimba ikakula abale amyamika kuti zinthu zili kumyendera. Ife tiyesa kuti chiyamiko chimenechi chaika anthu ambiri m'manda. Kuyenda, kulima ndi kupalasa zilimbitsa kakhungu, chifukwa mwazi woyenda mwamphamvu ndi moongoka ndiwo ukautsa kuti kapange mpweya wake.

Koma tisanyengane: alipo alimi oonda, osasuta, ogwira ntchito kuyambira mbandakucha, amene BP yawo ili pamwamba, pakuti nthendayi iyendanso m'mtundu ndipo ikula ndi zaka. Palibe munthu akhoza kuimva m'thupi mwake. Njira ndi imodzi, ndiyo kukayezetsa pa chipatala chathu chaching'ono kapena pa chachikulu ku Salima. Sipawawa, ndipo sipatha mphindi zisanu. Manambala akafika 140 pa 90 kapena kupitirira, nakhala pomwepo poyesanso tsiku lina, ndiye kuti nthenda ilipo. Wopatsidwa mapiritsi amwe tsiku ndi tsiku. Ambiri amwa mwezi umodzi, naona kuti ali bwino, naleka. Ena auzidwa pa mapemphero kuti achira ndipo ataye mankhwala. Tinena poyera kuti wouza mbale wake chomwecho aika moyo wa mbaleyo pachiswe. Tipempherere odwala athu ndi mtima wonse, ndipo tiwakumbutse kumwa mapiritsi awo.

Ndipo tsiku loipa likafika, wina akapotoka pakamwa, kapena dzanja lake likagwa, kapena mawu ake akasokonezeka, kapena akamva ngati mwala wa mphero wamkhala pachifuwa, ululu nutsikira kumkono kapena kukwera kunsagwada, thukuta lili kamukamu, musataye nthawi ndi kutema mphini kapena kufunsa kuti wachita ndani. Mgonekeni chammbali ngati wakomoka. Musamthire madzi kapena phala m'kamwa, pakuti wofa ziwalo kawirikawiri sakhoza kumeza bwino, ndipo zimene mumpatsa mwachifundo zipita kumapapo. Funani galimoto kapena ngolo msanga, ndipo mmodzi akumbukire ora limene zinayamba, kuti akauze dotolo. Akabwera kunyumba wopuwala, musamsiye m'chipinda yekha. Mtembenuzeni kawirikawiri kuti asachite zilonda, muongoleni ziwalo tsiku ndi tsiku, nimulankhule naye monga munthu wanzeru zake, pakuti ambiri amva zonse ngakhale lilime lawakanika, ndipo ambiri ayambanso kuyenda.

Tipempha akulu a mpingo ndi amayi a Chigwirizano kuti awerengere phunziro ili iwo osadziwa kuwerenga, ndi kupangana tsiku lopita pamodzi kukayezetsa. Mwezi wa mawa, Mulungu akalola, tidzaphunzira za zilonda za pakhosi mwa ana, ndi umo zikhoza kuonongera zitseko za mtima zikapanda kuchizidwa.